Chisa cha nantchengwa kuseri kwa aNyaLuhanga

Ine mbalame sindizikonda, ndineneretu. Nkhuku inde, poti imadyedwa. Zinazi zongolira m'mitengo ndinalibe nazo ntchito mpaka chaka cha 1973, pamene ananditumiza kuchoka kwathu ku Dedza kuti ndikaphunzitse Chichewa pa pulayimale ina kufupi ndi Nchenachena. Nyumba imene anandipatsa inayandikana ndi ya mayi wina wamasiye, Dinah Luhanga, amene aliyense ankawatchula kuti aNyaLuhanga.

Tsiku loyamba ndinangoti mayiwa ndi aulesi basi. Kumaso kwa nyumba kunali kosesa bwino, koma kuseri, mayo ine! Udzu wofika m'chiuno, nthochi zosadulira, milu ya masamba owola, ndi mapale a miphika yosweka atawasanja pa miyala, lililonse lili ndi madzi. Sindinachedwe, ndinapita kukawauza kuti njoka zitithera ana. Iwo anangoseka.

"Asambizgi, khalani pasi," anatero. Kumeneko mphunzitsi amamutchula choncho.

Ndinakhala, ndikufuna ndione kuti misala yake ithera pati. Posakhalitsa panatera pumbwa wothothoka mchira, kumwa madzi, kutiyang'ana, n'kupita. Kenako mpheta zambirimbiri. Gologolo anatsika mu mtengo wa mapeyala n'kudutsa pafupi ndi phazi lawo ngati mwana wa pakhomo. Chilichonse ankachidziwa: nthawi imene chimabwera, chimene chimadya, ndi amene chinakangana naye dzulo. Anandiuza kuti ali mtsikana ankawatuma kukaingitsa mbalame m'munda wa mawere, ndipo anakwapulidwa kosawerengeka chifukwa m'malo moziingitsa ankangokhala n'kumaziyang'ana.

Amuna awo anafera ku migodi ya ku Zambia, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Overton. Anamulera ndi kamunda ka khofi ndi nthochi zomwezo. Anali mayi wa mpingo wosajomba, ndipo za malodza ankaziseka poyera. Wina akabwera kudandaula kuti kadzidzi walira pa denga, iwo ankati, "Wabwerera makoswe ako ameneyo, iwe akudziwe ngati ndani?" Ndinayamba kuwakonda chifukwa cha pakamwa pamenepo, poti nanenso panga sipatsekeka.

Overton anali kalaliki pamalo pamene alimi ankagulitsira khofi. Anakwatira Isabella, mtsikana wa ku Mwazisi, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anali asanathe chaka m'banja pamene Landirova inaima pakhomo, Lachinayi lina masana mu 1976. Anatsikamo amuna atatu. Anati akukafunsana ndi Overton pang'ono, abwera madzulo omwewo. Chimene analakwa sitinachidziwe, ndipo masiku amenewo munthu akatengedwa sumafunsa. Ngakhale dzina lake anthu analeka kulitchula. Azibale a bambo ake ankati akakumana ndi aNyaLuhanga m'njira, amayamba kuyang'ana mitambo.

Mwezi womwewo anantchengwa awiri anayamba kumanga chisa mu mkuyu wa kumapeto kwa udzu uja, pafupi ndi kamtsinje. Amene simumudziwa nantchengwa, ndi mbalame yofiirira, yamutu wotulukira kumbuyo, imene imayenda yokhayokha m'madzi kusaka achule. Chisa chake ndi chinyumba, munthu wamkulu atha kuimapo osagwa. Kwathu timamuopa, timati ukaphwasula chisa chake umapenga, ndipo ndinapeza kuti a kumeneko nawonso samuyandikira. Mbalame imeneyi imatola chilichonse n'kukasomeka pa chisacho: nsanza, mafupa, zikopa za njoka.

Tsiku lina Isabella anachapa zovala za mwamuna wake n'kuziyanika pa udzu. Pokaanula, mpango wa m'thumba unasowa. Patapita masiku awiri aNyaLuhanga anandikoka dzanja mpaka pansi pa mkuyu. Mpango uja unali pamwamba pa chisa, ukupepeluka.

"Watenga," ananong'ona. "Mwana wane ngwamoyo."

Ndinawayang'ana. Mayi yemwe uja woseka malodza! Koma ndikanati chiyani? Kalata kunalibe, mtembo kunalibe, woti n'kumufunsa kunalibe. Ndinangoti, "Inde amama, ali moyo."

Kuyambira pamenepo, mwezi ukaoneka ankatenga lumo n'kudula kansalu pa chovala cha Overton, n'kukakaika pa mwala m'mbali mwa madzi. Ankakhala chapatali n'kumadikira. Nthawi zina m'mawa womwewo, nthawi zina mawa lake, mbalame ija inkabwera, kukazungulira kansaluko, kukatola n'kuuluka nako. Akatero aNyaLuhanga ankadya, ankaseka, ankapita kumunda. Chaka chinatha, china chinatha. Shati yoyera ya kutchalitchi inapita, thalauza la khaki linapita, juzi yofiira inapita chidutswachidutswa. Ndikasuzumira pa zenera langa m'mawa nkhungu isanachoke, ndinkaona ngati chimunthu chanyonyomala mu mtengo chitavala zovala za Overton. Ndinafika posoka katani wokhuthala.

Chinanso chimene sindinachiiwale ndi kayang'anidwe ka mbalameyo. Ikatola kansalu sinkauluka msanga. Inkaima kaye, nsalu ili kukamwa, n'kuyang'ana ku chitseko cha chipinda cha Isabella.

Isabella ankangoona sutikesi ya mwamuna wake ikupepuka. Anaonda mwana uja. Ankatunga madzi, kuphika, kupalira khofi wa apongozi, zaka zake zikupita. Bambo ake, a Amock Harawa, anayenda ulendo wautali wochokera ku Mwazisi katatu konse. Mawu awo anali amodzimodzi: mwana wawo akukalamba pakhomo pa munthu amene kulibe, maliro alilidwe kuti amasulidwe abwerere kwawo. Popanda maliro Isabella anali mkazi wa mwini, woti sangakwatiwe kwina. Azibale a Overton, ndi mantha awo aja, anati nkhaniyi ili m'manja mwa mayi wake, akavomera iwo ndiye kuti zatha. Ndipo aNyaLuhanga katatu konseko anayankha mwaulemu chomene, "Yewo adada, koma mwana wanga sanafe."

Mu Ogasiti 1980 anantchengwa anasowa. Kansalu kanakhala pa mwala tsiku loyamba, lachiwiri, sabata yathunthu, mpaka kanayera ndi dzuwa. Mayi aja analeka kudya. Ankakhala pansi pa mkuyu kuyambira m'mawa, khosi lili chagada.

Loweruka lake ndinawaperekera phala kumeneko. Anali masana enieni, kopanda ndi kamphepo komwe. Mpheta zimene zinkasokosa nthawi zonse zinali zii. Nditakweza maso ndinaona pa khomo la chisa pali nkhope yoyera, yosalala, ya maso akuda. Kadzidzi. Masanasana! Sanaphethire, sanatembenuke, anangotiyang'ana ali pakati pa nsanza za Overton. Mbale ya phala inandipulumuka.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Anthu anasiya kudutsa njira ya kumtsinje. Azimayi amene kwa zaka zinayi sanatchulepo dzina la Overton anayamba kubwera awiriawiri, kukhala pakhonde mitu ili pansi monga amachitira pa siwa.

ANyaLuhanga anayesetsa. Anandiuza kuti kadzidzi ndi waulesi, samanga, amalanda chisa cha nantchengwa, ndipo iwo anaziona zimenezi kawiri ali mtsikana. Anati eni chisa angosamukira kumtunda kwa mtsinje. Ankanena zoona, ndipo pansi pa mtima ndinkadziwa kuti pa nkhani ya mbalame mayiwa sananamepo. Koma m'mawa wa tsiku limenelo ndinali nditamupeza Isabella kuseri kwa nkhokwe akulira chodziluma dzanja kuti asamveke, ndipo mtima wanga unali utawira kale.

"Amama, tamverani," ndinatero, mawu ali pamwamba. "Mbalame ikamatola nsanza mumati ikunena zoona. Lero yabwera ina ndi uthenga umene simukuufuna, mwayamba kuti ndi mbalame chabe? Sankhanipo chimodzi! Ngati mbalame sizilankhula, ndiye kuti zaka zinayi zonsezi mwamusunga mwana wa eni pachabe. Ngati zimalankhula, ndiye mwamva chimene yanena."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, poti pakamwa anali napo. Koma anangoti, "Mwayowoya, asambizgi," kutanthauza kuti mwalankhula. Mawa lake anatumiza mawu ku Mwazisi.

Maliro ake anali a manyazi. Munthu wotengedwa ndi Landirova sumamulira mokweza, ndiye tinauza alendo kuti anadwalira ku tauni. Tinakulunga thunthu la nthochi mu mphasa n'kulikwirira. Mkulu wa mpingo anapemphera diso limodzi lili kumsewu. Pa mtanda wathabwa dzina ndinalemba ndine ndi penti yakuda, poti ankati ndili ndi dzanja labwino. Achibale anameta maliro, Isabella anamasulidwa, ndipo chaka chisanathe tinamva kuti wakwatiwa ndi mlimi wa fodya kwawo komweko. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinkadziona ngati ndapulumutsa munthu.

ANyaLuhanga ankathirabe madzi m'mapale muja, koma ankathira chofulumira n'kubwerera m'nyumba. Kadzidzi anakhala miyezi ingapo n'kuchoka, chisa chinayamba kugumuka ndi mvula.

Mu Juni 1982, ndikuweruka kusukulu cha m'ma thwelofu, ndinamva amayi amene ankayanika khofi akukuwa, kuthawa, malichero kutaya. Mu njira yachidule imene imadutsa kumanda munkabwera munthu. Ankayenda pang'onopang'ono, mapazi otupa, mutu wa imvi, atanyamula kathumba kamodzi. Wina anafuula kuti mzukwa. Ine ndinaima pomwepo. Anandidutsa pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la thukuta lake, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti ndi munthu wamoyo. Anali Overton, wa zaka makumi atatu ndi zinayi, akuoneka ngati mkulu wa amayi ake.

Anafika pakhonde n'kukhala pansi. Amayi ake anatuluka, n'kugwira mphuthu ya chitseko. Ine ndinaima pa mpanda, choko chili m'zala.

"Monile amama," anatero Overton.

ANyaLuhanga anasiya mphuthu ija. Anagwada n'kuyamba kumusisita mapazi otupa aja, kumugwira mawondo, kumugwira kumaso. Iye anawaleka atero. Kenako anafunsa za Isabella, ndipo amayi ake anamuuza. Anagwedeza mutu ngati nkhaniyo anaimva kale. Ankalankhula Chitumbuka chapansipansi, koma pofika nthawi imeneyo ndinkachimva bwino lomwe.

"Ndadzera kumanda," anatero. "Ndaliona dzina langa. Isabella sindimuimba mlandu, anali mwana. Koma amama, kumene ndinali ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti kwanu anakulirani kale, palibe akukudikirani. Anzanga ena anakhulupirira, analeka kudya, anafadi. Ine ndinkawaseka. Ndinkati amayi anga simukuwadziwa, sangavomere asanaone mtembo ndi maso awo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndadya mawu amenewo. Tsono ndiuzeni, anabwera ndani kudzakuuzani kuti ndafa?"

Apa m'pamene ndinayenera kulankhula. Ine Mabel, amene ndinkakangana ndi ahedi, ndi mabusa, ndi makondakitala a basi, ndinali mapazi khumi okha kuchokera pamenepo. Ndikanangoti ndine, ndinawapanikiza, anakana zaka zinayi, anandiuza zoona ine n'kuwatseka pakamwa. Koma ndinangoima pa mpanda paja. Ndinachita mantha ndi maso a munthu uja.

ANyaLuhanga sanatembenukire kwa ine ngakhale pang'ono.

"Palibe anabwera, mwana wanga," anatero. "Ndinavomera ndekha."

Overton anawerama. Anachotsa manja a amayi ake pa mapazi ake, mwaulemu, limodzi kenako linalo. Anatola kathumba kake n'kuimirira. Anagona masiku awiri kwa amalume ake kutsidya, lachitatu anthu anamuona akutsikira ku msewu waukulu. Ena amati anakakhala ku Mlowe kwa asodzi, ena amati anawoloka malire. Kalata sanalembe.

Ndinakhala pafupi ndi aNyaLuhanga zaka zina zisanu, mpaka tsiku limene tinawaika. Sanandinenepo, kwa ine kapena kwa munthu wina aliyense. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni pa mpanda, n'kufunsa ngati ndagona bwino, ndipo ine ndinkayankha kuti ndagona bwino.