Tinathera Nthawi pa Moni

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka seventeen, ali ku Zomba kwa achemwali anga. Ine ndinali kunja kwa dziko, ku Santry, kusambitsa nkhalamba za eni ake mu care home. Lamulo linkati malipiro anga ndi ochepa, sindingamuitanitse, ndipo akangokwanitsa eighteen ndiye basi, sawerengedwanso ngati mwana.

Tinamva kuti phungu wa dera lathu amakhala mu holo ina ku Ballymun Loweruka lililonse, aliyense nkumakamuuza mavuto. Tinapita azimayi asanu, zitenje zochita kusita. Atiuziratu pakhomo kuti tili ndi ten minutes. Ife ndi ulemu wathu wakumudziwo, tinasankha mayi wamkulu kuti atiyankhulire. Anayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kuthokoza dziko lino potisunga, kenaka kutitchula mmodzimmodzi ndi boma lomwe tikuchokera. Akuti azifika pa nkhani ya ana, mlembi wa phungu waimirira kale. Phunguyo anatisonkhanitsa, kujambulitsa naye, tsalani bwino.

Patapita masabata atatu ndinapeza kapepala ka kampeni pakhomo panga. Nkhope yanga ili pompo, mano onse pamtunda, pansi atalemba kuti alendo akumuthokoza. Bill yofewetsa lamulo lija itafika ku nyumba ya malamulo, iyeyo anavota zokana. Ndinapsa mtima. Ndinalumbira kuti ameneyu andidziwa.

Voti yosankha aphungu ndinalibe, koma nkhalamba zanga zinali nayo, ana awo ndi adzukulu omwe. Ndikamapesa gogo wina aliyense, ndinkamuonetsa kapepalako ndi chithunzi cha mwana wanga. Gogo wina wa mu room six, mkamwa mwake moto, anayamba kuimbira ofesi ya phunguyo m'mawa uliwonse akangomwa mankhwala. Anzake anatengera. Ife tinalemba makalata, ulendo uno opanda moni.

Chisankho chitayandikira, mkuluyo anabwera ku care home ndi wojambula wake. Anandipatsa dzanja. Sindinalandire.

"Mwana wanga akwanitsa eighteen mu March," ndinatero pamaso pa onse. "Auzeni agogowa mmene munavotera."

Anafiira mpaka m'makutu. Gogo wa room six anamuuza kuti aimike chibwibwi, ayankhe funso. Manijala anandipatsa warning, ndinasaina mosangalala.

Mpando anautaya, ndipo sindinama, ndinavina ndekha m'khitchini. Kaya tinamugwetsa ndife kaya ndi zina, sindifuna nkudziwa komwe. Lamulo analikonzako pambuyo pake, anzanga awiri ana awo anabwera, ndinakawalandira nawo ku eyapoti. Wanga anali atapitirira kale ndi miyezi inayi.

Nditamuimbira kumufotokozera, anati, "Amayi, musadzivutitse. Ine ndinazolowera kukhala opanda inu."

Bambo uja ndimakumana naye pa bus stop nthawi zina, wakalamba, amandigwedezera mutu. Sindinamukhululukire, ndipo akadzamubweretsa kwathu kuno kuti tizimusambitsa, adzandipeza.