Maliro a Pakhonde la Amayi

Ndikukumbukira kulemera kwa kamera ija paphewa langa kuposa nkhope za anthu ambiri a masiku amenewo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Ngala. Zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, ndipo anthu amene anathawa m'dziko muno kalekale ankabwerera kwawo mmodzimmodzi. Mmodzi wa iwo anali malume anga. Anachokera ku Zambia ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi kamera yakale ya vidiyo, yomwe kachitseko kake kolowetsera kaseti ankakamanga ndi mphira.

Ana anzanga ankathamangira kutsogolo kwa kamerayo kuti awajambule. Ine ndinkaima kumbuyo kwake. Malume ataona zimenezo anayamba kundiphunzitsa: dzuwa lizikhala kumsana kwanga, chigongono ndizichikanikiza m'nthiti kuti chithunzi chisanjenjemere. Makina odulira ndi kulumikiza zithunzi tinalibe, choncho nkhani inkayenera kujambulidwa mwandondomeko yake, ndipo ukalakwitsa unkabweza kaseti n'kujambulanso pamwamba pake. Batire tinkakalitchajitsa ku Dwangwa, koma silinkachedwa kutha.

Ku Dwangwa komweko kunali tinyumba toonetsa vidiyo, momwe anyamata ankapanikizana kuonera anthu akunja akuswana m'zinenero zomwe sitinkamva. Mtima wanga unkayaka. Ndinkafuna kuti Mawu a Mulungu nawonso aoneke pakanema, m'Chichewa chathu, ndi nkhope zathu. Ndinasankha nkhani ya m'Malemba ya kamtsikana kamene kanamwalira, Ambuye n'kukagwira padzanja, iko n'kudzuka. Mng'ono wanga Eneresi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anavomera kukhala kamtsikanako nditamulonjeza zitumbuwa zitatu. Anzanga asanu a kukwaya anavomera kukhala olira maliro.

M'nyumba za udzu mumakhala mdima, ndiye ndinapempha amayi kuti tijambulire pakhonde pathu. Chaka chapitacho tinali titaika mlongo wanga Limbani, amene anatisiya ndi malungo. Panthawiyi amayi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, bambo ali kutali kodula nzimbe. Amayi anasiya kupeta n'kundiyang'ana.

"Tamandani, imfa saiyeserera. Pakhomo pano inadutsa kale, njira ikuidziwa."

"Koma amayi, kumapeto kwake mwanayo amadzuka."

"Ndakana."

Ndinadziuza kuti ntchito ya Mulungu singaime chifukwa cha mantha a munthu. Lamulo lolemekeza makolo ndinkalidziwa pamtima, koma ndinalidumpha ngati kangalande.

Loweruka lina m'mawa, m'nyengo yomweta mpunga, amayi anapita kudambo kukayang'anira aganyu, ulendo wa pafupifupi ola limodzi wapansi. Malume anali atapita kuchipatala cha kuboma ndi chifuwa chawo chija. Ndinatenga kamera, ndinayala mphasa pakhonde, ndinamugoneka Eneresi n'kumufunditsa chitenje mpaka kumutu. Anzanga anakhala momuzungulira n'kuyamba kulira chapansipansi, ena akudziletsa kuseka.

Nditabweza kaseti kuti ndimve, munali mkokomo wa mwera wokhawokha. Mphepo ya kunyanja inali itameza mawu onse. Tinabwereza, zinali chimodzimodzi. Kachizindikiro ka batire kanayamba kuphethira.

"Lirani zenizeni, inu!" ndinakalipa. "Kodi maliro simunawaonepo? Kwezani mawu!"

Mmodzi mwa atsikanawo anali atataya mayi ake miyezi ingapo yapitayo. Iyeyo ndiye anayambitsa. Anagwira kumutu n'kubuma, "Mayo ine, mayooo!" ndipo misozi yake sinali ya sewero. Enawo anamutsatira. Ndinayamika Mulungu mumtima kuti tsopano zatheka. Sindinaganize n'komwe kuti mwera womwewo ukunyamula kulirako n'kukakutula pakhomo lililonse la m'mudzi.

Woyamba kufika anali Mayi Mwanaisha, neba wathu wachisilamu, amene anasambitsa ana onse a amayi ali makhanda. Analowa m'chithunzi changa akuthamanga, nsalu atamanga m'chiuno, n'kudzigwetsa pambali pa mphasa akuitana dzina la Eneresi. Ndivomereze tchimo langa: kwa kanthawi ndinapitiriza kujambula. Kenaka Eneresi anavundukula chitenje n'kufunsa ngati yakwana nthawi yoti adzuke.

"Yarabi, Mulungu wanga!" Mayi Mwanaisha anabwerera chafutambuyo. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana kamera, n'kundiyang'ana ine. "Mwana iwe, wachita chiyani? A Juma aona mphasayi ali pamsewu, ndipo apita kale panjinga kukauza mayi ako!"

A Juma anali wogulitsa nsomba, ndipo njinga yawo ndiyo inali yokhayo m'dera lathu la mudzi. Sindikudziwa pamene ndinaiika kamera. Ndinamubereka Eneresi kumsana opanda mbereko, n'kuyamba kuthamanga.

Njira ya kudambo sinanditalikirepo ngati tsiku limenelo. Pamsewu anthu anali atayika kale masamba osonyeza zovuta. Amuna awiri ankabwera ndi makasu paphewa. Amayi ena amene ankabwera akulira, ataona nkhope ya Eneresi paphewa langa, anataya nkhuni n'kuthawira m'chinangwa. Ndinalibe mpweya wowafotokozera. Mchenga unkandimiza mapazi, minga inkandilasa, Eneresi akulira kuti ndikumupweteka miyendo. Pemphero langa linalibe mutu. Ndinkangoti, "Ambuye, tayala la a Juma liphulike. Ambuye, tcheni chiduke. Langani ine, musalange amayi." Ndinagwa kawiri. Kachiwiriko ndinang'ambika bondo, koma ululu ndinadzaumva mawa lake.

Tayala silinaphulike. Nditafika kudambo ndinaona njinga itagona m'mapesi, a Juma ataima patali ndi aganyu, manja ali kumsana. Chapakati pamunda amayi asanu ndi mmodzi anali atatambasula zitenje, atapanga mpanda. A Juma atamuona Eneresi anakhala pansi m'matope.

Mayi wina anatuluka mumpandamo n'kundiuza mwachidule. Amayi atamva uthenga anathamanga pang'ono n'kugwa chafufumimba pamzere, ndipo matenda anayamba pomwepo, mwezi usanakwane. Azamba anali atafika. Ngolo yopitira kuchipatala anali atakaitana, koma ng'ombe zinali kubusa.

"Auzeni kuti Eneresi ali moyo! Ndi uyu!"

Analowa. Ndinamva akuwauza. Kenaka ndinamva mawu a amayi, otsika, ngati ochokera m'chitsime.

"Musandinyengerere. Za Limbani munandiuzanso choncho, munati akupezako bwino."

Kwathu ndi mmene timachitira. Munthu wofooka sitimuuza zovuta mwachindunji, timamunyengerera kaye. Amayi ankaudziwa mwambowo, ndipo tsopano choonadi chenichenicho chinalibe khomo lolowera. Azamba anatulutsa mutu, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti mayiyu wataya mtima, sakuthandiza, ndipo zikapitirira chonchi titaya awiri.

Ndinafuna kulowa, koma anandigwira. Mtsikana wosabereka saloledwa pamalo otero, nanji kamwana ngati Eneresi. Ndinakuwa ndili panja kuti, "Amayi, linali sewero! Ndine ndinalakwa!" Sizinathandize. Mwina anaganiza kuti nanenso andituma. Ndinagwada m'ziputu za mpunga. Mavesi onse amene ndinkanyadira kuwaloweza anandithawa, ndinatsala ndi dzina la Ambuye lokha, ndipo ndinkangolitchula mobwerezabwereza. Ndinali nditafuna kuonetsa anthu mwana akuukitsidwa, ndipo tsopano ndinali kupha mayi anga ndi mwana wosabadwa.

Mayi Mwanaisha anafika akupuma mwabefu, atatilondola njira yonseyo. Atamva mmene zinalili sanafunse chilolezo kwa munthu. Anamugwira Eneresi, anamutembenuza kuti apereke msana kumpanda, n'kumuimika pafupi penipeni ndi pamene panali mutu wa amayi.

"Lankhula ndi mayi ako."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse, iwe! Lankhula!"

Eneresi anali atatopa, ali ndi mantha, ndiponso atakwiya. Anatsegula kukamwa n'kulira mokweza.

"Amayi, a Tama anandifunditsa chitenje chanu chatsopano chija, cha kutchalitchi! Ndiye anati andipatsa zitumbuwa zitatu koma sanandipatse, ndipo andigwetsa kawiri!"

Kenaka pansi pa chitenje panatuluka dzanja lamatope, likufufuza, mpaka linagwira kakolo wa Eneresi. Linamugwira zolimba moti mwanayo anakuwa.

"Tamandani ali pomwepo?" Mawu aja anali atabwerera m'malo mwake.

"Ndili pano, amayi."

"Usachoke. Ndikadzuka pano undiona."

Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Azamba anayamba kulamula, amayi ena akulimbikitsa, ife anatithamangitsira patali. Dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Kenaka mayi wina anati achira, koma panalibe nthungululu, chifukwa khandalo silinalire. Ndinamva azamba akuliwomba, kamodzi, kawiri. Ndinatseka maso. Kulira kwake kutabwera kunali kochepa ngati kwa kamwana ka mphaka, koma kunafika pamene ndinagwada.

Anali mwana wamwamuna, wochepa moti ankakwana m'manja awiri a azamba. Ngolo inawatengera kuchipatala, kumene anakhala milungu itatu. Masiku onsewo palibe amene ankatha kundiuza ngati mwanayo akhale moyo. Ndinkaphika, kutunga madzi, ndi kudikira. Malume anatola kamera yawo n'kuitsekera m'sutikesi osandikalipira, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa mkwapulo.

Amayi atabwera ndi mwana sanandimenye. Anandituma kuti ndiyende khomo ndi khomo m'mudzi monse, kugwada ndi kupepesa, kuyambira kwa a Juma, amene kwa masiku ambiri ankadziona ngati wakupha. Nditamaliza anandikhazika pansi akuyamwitsa.

"Kulira maliro si kwa iwe wekha ayi," anatero. "N'kwa mudzi. Munthu akakumva amasiya khasu, amasiya mphika pamoto, safunsa. Iwe unakutenga ngati chitenje changa chija, osapempha."

Mlongo wanga wobadwira kudambo uja anakula, lero ali ndi ana ake. Malume anadzanditsegulira sutikesi patapita chaka, ndipo mpaka pano ndimajambula timafilimu ta m'mipingo, ta ndalama zochepa, ndi achinyamata ongoyamba kumene. Amabwera ndi changu chomwe ndinali nacho, akufunsa za kuwala ndi za mawu. Tisanatulutse kamera m'chikwama ndimawatenga kaye kukayenda m'makomo onse ozungulira, kufotokoza chimene tichite ndi nthawi yake, ndipo wina akakana timasamuka. Ena amaona ngati ndikuwatayitsa nthawi.

Kale ndinkaganiza kuti cholinga chikakhala cha Mulungu, njira iliyonse ndi yoyera. Tsopano ndikudziwa kuti changu chopanda chikondi chimatha kunyamula Baibulo m'dzanja limodzi, dzanja linalo likugwetsa mayi woyembekezera m'munda. Ambuye anandichitira chifundo chimene sindinachiyenere, ndipo sindifuna kuwayesanso kachiwiri.