Nsapato za Hatchi Yopuma

Chuma chagwa ku Dubai kuno, ndipo bwana wanga wathawa, kusiya hatchi yake yamipikisano yokalamba. Lero, poiperekeza kwa mwini watsopano, fungo la ziboda zake landikumbutsa ku Thyolo.

Bambo anga ankasamala hatchi ngati yomweyi pa esiteti ya tiyi. Tsiku lina ndinawapeza akuikhomera nsapato zachitsulo, pamene ine ming'alu ili mbwee kumapazi. Ndinapsa mtima, n'kugona chagada, miyendo m'mwamba.

"Ababa, khomani kuno! Nyama ivale, mwana wanu ayi?"

"Iyi inkapambana mipikisano," anatero. "Iwe wapambanapo chiyani? Choka apa!"

Hatchi ya lero yalowa m'khola la eyakondishoni. Ine ndabwerera ku Al Qusais, m'chipinda chogona anthu asanu, ntchito khalas, yatha basi. Bambo aja sindinawayankhebe.