Amake Mapasa ndi Mapiri a pa Sikirini

Ndikakumbukira zomwe anawachita Amake Mapasa mtima umandiwawa mpaka lero, ndipo wofuna kundiuza kuti ndi mmene dziko likuyendera masiku ano asayerekeze kundiyandikira.

Tinkagwira ntchito mu labotale imodzi, chipinda chonunkha mankhwala chomwe mafiriji ake salekeza kulira. Yanga ine ndi ntchito ya manja. Ndimatenga maselo, ndimaduladula DNA yake m'tizidutswa, kenako ndimasankha tokhato tomwe puloteni yomwe tikuifufuza yakakamirapo. Makina amawerenga tizidutswato, kompyuta n'kutiunjika pamalo pomwe tinachokera. Pomwe taunjikana kwambiri, pa sikirini pamatuluka kaphiri. Kaphiriko ndiko kamatiuza kuti apa ndiye pomwe puloteni imagwira.

Ntchito ya Amake Mapasa inkayambira pamenepo. Malo awiri akayandikana, timapiri tawo timalumikizana n'kumaoneka ngati phiri limodzi lalikulu. Koma nthawi zina phiri limakhaladi limodzi, kungoti lili ndi kachigwa pamwamba chifukwa tizidutswa tinachepa. Ukaligawa pawiri lomwe ndi limodzi, wina ataya chaka akufunafuna chinthu chomwe kulibe. Ukasiya awiri ali ophatikana, umaloza pakati, pomwe palibe kanthu. Ndiye mayiwa ankayang'ana kuya kwa chigwa, kutalikirana kwa nsonga, n'kuyerekeza ndi zomwe zinatuluka titabwereza ntchitoyo. Pulogalamu yogawira inalipo, koma inkadula ngati mwana wopatsidwa lumo, ndipo iwo ankatsata pambuyo pake kukonza phiri ndi phiri.

Kunyumba analidi ndi mapasa, atsikana awiri omwe ankawalera okha chimwalirireni bambo awo. Tinkawaseka kuti munthu akabereka mapasa amangoona mapasa paliponse, ngakhale pa kompyuta. Iwo ankatibwezera kuti n'chifukwa chake sapusitsidwa, poti amadziwa bwino kuti ana awiri akafunda bulangeti limodzi sakhala mwana mmodzi. Ankakhala atapinda mwendo pampando, magalasi ali pamphuno, tiyi akuzizirira pambali. Akakayika ankangonditumizira mawu akuti ndibwereze, ine n'kumang'ung'udza ndikuvala magolovesi.

Ndiye kunabwera bambo wina wa makompyuta kudzakonza pulogalamu yatsopano yogawira, munthu waulemu wake, ine ndilibe naye chifukwa. Yemwe ndili naye chifukwa ndi Pulofesa, bwana wathu, munthu wa mawu ofewa ngati akukupaka mafuta. Anawauza mayiwa kuti akufuna kuwapeputsira ntchito. Iwo azingolemba pa phiri lililonse kuti ili ndi limodzi, awa ndi awiri, apa mpogawira, ndipo pulogalamu yatsopano iziphunzira kwa iwo. Amake Mapasa anasangalala ngati mwana. Anandiuza kuti tsopano aziweruka dzuwa likadalipo, azikawathandiza atsikana aja masamu. Miyezi inatha akulemba, maso kufiira, msana kuwawa, akuiphunzitsa zonse zomwe zaka zawo zinawaphunzitsa.

Pulogalamu itayamba kugawa bwino, Pulofesa anawaimitsa mukhonde, pafupi ndi sinki yotsukira mabotolo, n'kuwauza kuti kontirakiti yawo sadzaiwonjezera. Mukhonde! Osawaitanira n'komwe mu ofesi kuti akhale pansi. Ine ndinali pasinkipo ndipo ndinamva zonse. Akuti zotsatira zaonetsa kuti pulogalamuyo ikuganiza ndendende ngati iwo, choncho palibe chifukwa chokhalira ndi awiri. Ndipo manyazi analibe, anapitiriza kuwapempha kuti mwezi wotsalawo adutse m'malo momwe pulogalamu ikusiyanabe nawo, aikonze kuti ikhale bwino asanachoke.

Tsiku lomwelo ndinawapeza mayiwa atakhala kale pakompyuta akukonza. Magazi anandiwira.

"Mayi, alembereni zabodza," ndinatero. "Limodzi muziti awiri, awiri muziti limodzi. Aone okha kuti popanda inu sizitheka."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Achimwene, ndikainamiza pulogalamuyi sindinamiza Pulofesa. Ndinamiza mwana wasukulu amene adzaigwiritse ntchito chaka chamawa. Iyeyo wandilakwira chiyani?"

Ndinawakwiyira nawonso, ndisabise. Ndinawakumbutsa za atsikana aja, kuti sukulu akadali nayo yaitali, kuti ntchito ngati imeneyi sipezeka pamsewu. Anandiyankha kuti zonsezo akuzidziwa kuposa ine, ndipo ndiwasiye agwire ntchito. Mwezi wonsewo ankafika m'mawa monga mwa masiku onse. Sanajombe, sanachedwe, ndipo bambo wa makompyuta uja, yemwe tsopano ankalephera kuwayang'ana kumaso, ankamuitana okha kuti adzaone pomwe pulogalamu ikulakwitsa.

Lachisanu lomaliza tinasonkhana m'chipinda cha misonkhano. Pulofesa anaonetsa pakhoma mizere iwiri ya kagawidwe ka mapiri aja, wa mayiwa ndi wa pulogalamu, itagona pamodzi osasiyana paliponse. Anati ichi n'chipambano chachikulu cha labotale yathu. Dzina lawo analitchula kumapeto, mothamanga, m'kamwa momwemo akuthokoza ogulitsa makina. Anthu anayamba kuomba m'manja. Ine ndinapinda manja pachifuwa.

Nditacheuka ndinaona Amake Mapasa akuomba nawo, maso ali pamizere ija, misozi ili lengelenge. Anandigunda ndi chigongono.

"Ombani m'manja, achimwene," anandinong'oneza. "Imeneyo ndi ntchito yanga. Palibenso wina adzandiombere."

Ndinaomba. Msonkhano utatha mayiwa anatsuka kapu yawo, anaiika m'chikwama, n'kukapereka khadi lolowera kwa mlonda pageti. Mlondayo anawatsanzika kuti tionana Lolemba, ndipo iwo anangomuyankha kuti zikomo.