Agogo a Shifoni

Agogo osoka zovala pakhonde la sitolo ankayesa nsalu poiuzira mpweya. Ikauluka, dzanja lawo n'kumaonekera kuseri kwake, ankati, "Imeneyi ndiye shifoni. Siifuna ukali."

Tsiku lina mdzukulu wawo anafika misozi ili mbwee. Ukwati wake unali mawa lake, koma atelala atatu am'tauni anali atalephera kumusokera velo ya shifoni.

"Agogo, makina awo akungoitafuna nsaluyi!"

Agogowo anayala pepala pansi pa shifoniyo kuti isaterereke, n'kusokera pamodzi, phazi likupalasa makina mofatsa. Atang'amba pepalalo, msoko unatsala uli nyoo, wopanda khwinya ngakhale limodzi. Mtsikanayo analulutira mpaka ogula m'sitolo anatuluka.

"Ukawauze anzangawo," anatero agogo akuluma ulusi. "Makina awo ndi amagetsi, koma pepala alibe."