Ankaimba Ali Pansi

Ndimakumbukirabe zidutswa ziwiri za tayala la thirakitala zimene amalume anabwera nazo kuchokera ku minda ya nzimbe. Anazibowola ndi msomali wamoto n'kuzimangirira m'maondo mwa mlongo wanga, amene poliyo inamupuwalitsa miyendo ali wakhanda. Dothi la kwa Kasisi m'chilimwe limaotcha ngati chiwaya, koma ndi matayalawo iye ankakwawa mpaka kusukulu, ine nditamunyamulira sileti. Masamu ankandiposa, ndipo sankalola kuti ndiiwale zimenezo.

Chaka chimenecho kunamveka kuti akuluakulu a chipani adzayendera sukulu yathu. M'mawa uliwonse tinkayeserera nyimbo ya fuko, titaima njo, manja m'mbali. Mlongo wanga ankaimba ali pansi, mawu ake okwera kuposa tonse. Tsiku lina wayufi wa chipani, wa malaya ofiira, anaima pamsewu n'kumuloza ndi ndodo. "Uyo wakhala pansiyo akunyoza ndani?"

Mawa lake aphunzitsi anauza anyamata awiri kuti amugwire m'khwapa. Anamunyamula, miyendo ili lendelende, kabudula akuvuka. Ana anaseka. Ine ndinangoyang'ana nyerere pansi, misozi ili chuchuchu. Nyimbo isanathe manja awo anatopa, ndipo anamugwetsa.

Madzulo aphunzitsi anafika kwathu, chipewa chili m'manja. "Mayi, ayambe wapuma. Alendo akapita tidzamuitana." Sanali munthu woipa, ndikudziwa tsopano. Anali ndi ana ake, anali ndi mantha ake. Amayi anangoti, "Tamva, aphunzitsi."

Alendo anabwera n'kupita. Mvula inagwa, madzi a Shire anasefukira n'kuphwa. Woitana sanabwere, ndipo panalibe khomo limene amayi akanagogoda osaoneka ngati akutsutsa boma.

Kwathu kunali pafupi ndi sukulu, belu linkamveka. Nditadwala malungo n'kutsala pakhomo m'pamene ndinaona zimene zinkachitika. Nyimbo ikayamba kusukuluko, iye ankakwawira pakhonde n'kuyamba kuimba nawo. Amayi ankatula mtsuko, kuthamanga, n'kumutseka pakamwa ndi dzanja lonyowa, maso ali kunjira.

Ndinawakwiyira zedi. Ndinkati akuwasokosa, kapena nawonso akuchita naye manyazi ngati anthu ena onse. Sindinkadziwa kuti masiku amenewo banja lonse likanatha kusowa chifukwa mwana waimba atakhala pansi.