Mzungu Amene Ankafa Mlungu Uliwonse

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba ku Alexandria, mzinda wa kudziko la azungu, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo atangowatumiza kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe. Chingerezi changa chinali cha ku Kawale, chongokwanira kupempha kupita kuchimbudzi. Tsiku lina masana ndinaona pa TV mzungu wa chipsera patsaya akupotokola khosi la mayi wina m'galaja. Apolisi anamuwombera, iye n'kugwa chagada, maso ali tong'o.

M'mawa mwake ndinakumana naye mu lifiti. Chipsera chomwecho, maso omwewo, atanyamula mkaka ndi nthochi. Anandimwetulira. Sindibisa, ndinadzikodzera pang'ono. Titatuluka, anakatsegula khomo loyang'anizana ndi lathu.

Mayi nditawauza anaseka mpaka misozi. "Iwe Tadala, zija n'zamasewero. Amawalipira kuti azifa."

Ine sizinandilowe. Kwathu ku vidiyo sho anyamata ankalumbira kuti ena amafadi, ndipo munthu wofa n'kumayendanso ndinkamudziwa dzina lake: mzukwa. Mlungu wotsatira ndinamuonanso m'filimu ina ali dokotala, akuthira poizoni m'dripi ya wodwala. Anafanso. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yamikani tinayamba kuwatchula kuti a Chipsera, ndipo lifiti ndinaisiyiratu, n'kumakwera masitepe.

Tsiku lina sukulu anatseka chifukwa cha chipale chofewa. Bambo anali kuntchito, mayi atatsikira kumakina ochapira pansi pa nyumba. Yamikani ankadya mphesa akuimba, kenako anangoti chete. Anagwira pakhosi, milomo ikuda, mawu osatuluka. Ndinamumenya kumsana, osathandiza. Ndinathamanga kukagogoda kwa anansi ena, konse kuli zii. Linatsala khomo limodzi.

Ndinaima pakhomo pa a Chipsera. Mumtima ndinkati akatsegula atimaliza tonse awiri. Koma nditacheuka ndinaona Yamikani atagwa pansi, ndiye ndinagogoda.

Atatsegula, Chingerezi chonse chinandithawa. "Mwana akufa!" ndinakuwa m'Chichewa, ndikuloza kwathu. Sanafunse kanthu. Anathamanga opanda nsapato n'kumudzutsa mwanayo chakumbuyo. Nditaona manja aja opotokola makosi atazinga mimba ya mlongo wanga, ndinati basi ayambapo. Ndinawalumphira n'kuwaluma pamkono ndi mano onse. Sanasiye. Anafinya, anafinyanso, mphesa n'kudumphira pakapeti. Yamikani analira mokweza, ine n'kukhala pansi.

Madzulo mayi ananditenga kukathokoza. Tinagwada pakhomo pawo monga timachitira kwathu. A Chipsera anasowa chochita, basi nawonso n'kugwada, mkono uli womanga ndi bandeji. Analankhula motsitsa, mayi akundimasulira.

"Akuti afa kambirimbiri m'mafilimu, koma dzina lawo palibe amalidziwa. Akuti ndi nkhope imeneyi, sanawapatsepo gawo lopulumutsa munthu."

A Chipsera anamwalira zenizeni zaka zingapo zapitazo, nkhani yake osamveka n'komwe. Tsopano ndikudziwa kuti chimene ndinkachiopa chinali ntchito chabe, nkhope imene munthu ankadyera, ndipo ndikanachedwa pang'ono pakhomo paja, mantha angawo ndi amene akanapha mlongo wanga. Yamikani lero ndi bambo wa ana awiri ku Lanham, kufupi ndi Alexandria. Mafilimu akale aja akamaonetsedwa, ana ake amaomba m'manja chigawenga chikawomberedwa. Ine ndimangoyang'ana pamkono pawo, kufunafuna pamene ndinaluma.